Mphika wa Kalongonda

Febuluwale 2002, kwathu kwa Mkhumba

Chinayamba ndi moni. Ndinafika pakhomo dzuwa litapendeka, matope ali mpaka m'maondo, kathumba ka mgaiwa kali pamutu, ndipo iwe Elube sunandithamangire monga unkachitira mwezi uliwonse ndikabwera kuchokera ku ntchito. Unatuluka kuseri kwa nkhokwe pang'onopang'ono, n'kugwada patali, n'kundipatsa dzanja lamanzere. Lamanja linali m'kati mwa diresi, pamimba. Mayi wina akanangoti mwana waiwala mwambo, n'kukukalipira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine maso anga anatsatira dzanja lobisikalo, chifukwa kwa zaka zisanu ndi chimodzi ntchito yanga inali yomweyo, yoyang'ana manja a ana a eni ake.

"Moni wa manzerewu wayamba liti?" ndinatero ndikuyesa kuseka.

Anayankha ndi amayi anga aang'ono, a Esitere, anganga anu, ali pamtondo akusinja chigwada, osadzutsa n'komwe mutu. "Anagwera pamoto ameneyo. Kusamva. Tamuthira kale mankhwala, musiye."

Ndikulemba izi nditapuma pa ntchito, maso asanafike poipa. Elube ndi iwe Rozina, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chake munakulira m'nyumba za lendi pamene anzanu ali ndi mudzi ndi munda wa amayi awo, ndipo ine ndakhala ndikukuyankhani mozemba. Lero ndinena. Sukulu yanga ndi ya sitandade seveni, mukapeza polakwika muwongole nokha. Koma kuti mumvetse za sabata imeneyo, ndiyambe ndi mmene ndinalowera ntchito.

1996, ntchito yoyamba

Bambo ako Elube anapita ku Mozambiki kukagula nsomba zouma iwe usanayambe kukwawa, ndipo mpaka lero akugulabe. Ndinatsala ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, mwana kumsana, ndikudya za amayi aang'ono, amene anatilera ine ndi mkulu wanga Agata amayi athu atamwalira. Iwo ndi amene anamva ku tchalitchi kuti ofesi yoona za ana ndi mabanja ikufuna munthu wosesa ndi wopereka makalata. Anandibwereka chitenje chawo chopita nacho ku tchalitchi, nandiperekeza mpaka pakhomo la ofesi, nati, "Ukalowa usayang'ane pansi ngati wakuba. Mwana ndisamala ine." Zimenezinso muzidziwe, musamangokumbukira zinazo.

Ofesiyo inali kachipinda kamodzi, tebulo, mipando iwiri, ndi kabati yopanda kiyi imene tinkaimanga ndi waya. Abwana anali a Gondwe, a ku Rumphi, aatali, oonda, osathamangira kuyankhula. Chichewa ankachidziwa bwino, koma Chilomwe sankamva ngakhale liwu limodzi, ndipo anthu a kwathu anazindikira msanga. Akafika pakhomo kudzafunsa za mwana, eni nyumba ankawalandira m'Chichewa ndi ulemu wonse, kenako n'kutembenukirana okhaokha m'Chilomwe kupangana zoti anene, iwo ali pomwepo akumwetulira. Tsiku lina anabwera fumbi lili thupi lonse, naponya chipewa cha njinga yamoto pa tebulo. "Amake Elube, siyani tsachelo. Anthu anu akundidya miseche ine ndikuwathokoza. Kuyambira mawa muzikwera kumbuyoku, mukhale makutu anga." Njinga yamoto ndinaikwera ndikupemphera, nditagwira chitsulo cha kumbuyo ndi manja onse awiri, chifukwa kugwira m'chiuno mwa mwamuna wa mwini, msika wonse ukuona, aa, bola kugwa.

Nkhani zinkatifika m'njira zosiyanasiyana. Nthawi zina kakalata kopanda dzina kolowetsedwa pansi pa chitseko, ndipo woyamba kukaona ndinali ine posesa. Nthawi zina mphunzitsi, kapena mlangizi wa zaumoyo, kapena mzimayi amene ankandidikirira pa mjigo n'kundinong'oneza akunamizira kutsuka ndowa. A Gondwe sankanyoza nkhani iliyonse, komanso sankaikhulupirira asanaone okha, chifukwa ena ankanenezana chifukwa cha malire a munda basi. Njinga ankaisiya patali, pa tchalitchi kapena pa sukulu, kuti anthu asakonzekere. Akafika ankakana mpando, n'kukhala pamphasa. Mwana aliyense wa pakhomopo ankamupatsa moni wa m'manja, kenako n'kunena moseka, "Nanga linzake lija lalakwa chiyani? Nalonso lindipatse moni." Ana ankaseka, akuluakulu ankati bwanayu ndi wanthabwala, osadziwa kuti waona kale manja onse awiri, zikhadabo, mikono, ndi mmene mwanayo akuyang'anira kwa amene akumuopa. Kenako ankapempha madzi akumwa, n'kupempha kuona pamene mwana amagona ndi chimene amafunda. Ine ntchito yanga inali kukhala pambali ngati wongoperekeza, ndikumvetsera zonse, ndipo mpata ukapezeka kutengera mwanayo kuseri kukasewera naye phada.

"Musamufunse kuti wakumenya ndani," ankatero. "Ameneyo ndi amene amamudyetsa, sangamutchule. Mufunseni kuti dzulo anadya chiyani, anagona ndi ndani. Ayamba yekha. Ndipo muzionetsetsa munthu amene akuyankha mafunso a mwana." Anandiphunzitsanso kuwerenga zilonda monga munthu awerengera kalata. Mkwingwirima wa ndodo, wa lamba, wa chingwe. Mwana wogwa yekha amanyuka mabondo ndi pachipumi, osati kumsana ndi m'ntchafu. Wogwera pamoto amapsa apa ndi apo, chilonda chopanda dongosolo, chifukwa amadzichotsa msanga. Koma womizidwa m'madzi otentha, wina atamugwira, chilonda chake chimathera pamzere wowongoka ngati mpendero wa nsalu. Ndinkamva zimenezi, ndipo ndikafika kunyumba ndinkakuvula iwe Elube n'kukuyang'ana paliponse popanda chifukwa, mpaka amayi aang'ono kunena kuti ntchitoyi indipengetsa.

Zosowa ndiye zinali chakudya chathu. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa mafomu akale. Mafuta a njinga ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo a Gondwe ankasunga botolo limodzi kuseri kwa kabati, lomwe ankati ndi la mwana amene sangadikire. Masiku ena onse tinkapalasa njinga zakapalasa, ndipo m'dzinja, dothi lakuda la m'chigwa likagwira matayala, njinga ndi imene inkakwera ife.

1998, pakhomo la kudambo

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu kupatula a Gondwe. Mphunzitsi wina anatiuza za kamtsikana ka sitandade wani kamene kankabwera ku sukulu ndi mikwingwirima m'miyendo. Nyumba yake inali yokha pakati pa minda ya mpunga. Tinapeza mayi ake, mtsikana wa msinkhu wanga, ndi bambo omupeza ali chapatali pa khola la mbuzi, akunola chikwakwa, maso ali pa ife. A Gondwe atafunsa za mikwingwirimayo, mayiyo anatembenukira kwa ine akumwetulira ngati akundifunsa za kwathu, nanena m'Chilomwe, mothamanga, "Mchemwali, ndi bambowa, amam'manga ndi chingwe cha mbuzi. Koma mukanena, inu mukwera njinga yanu, ine nditsala nawo pano." Kumwetulirako kunali pakamwa pokha. Khosi lake linkagunda ndikuliona.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Gondwe.

"Akuti mwanayu ndi wokwerakwera m'mitengo," ndinatero.

Analemba, koma sanakhutire, ndipo anati tibweranso sabata ya mawa. Sabata ya mawayo mvula inadula msewu, kenako mafuta anasowa, ndipo nkhani ya mwana wokwera m'mitengo si ya botolo lija. Tinabwerera Pasaka itadutsa. Tinapeza mayiyo atameta mutu. Anati anali malungo. Mwina analidi malungo, ine sindidzadziwa mpaka ndidzafe. Pobwerera ndinawagwira a Gondwe paphewa kuti aime, ndipo ndinawauza zonse pamsewu pomwepo, ndikulira ngati mwanayo ndi wanga, ndikudziwa kuti ntchito yatha. Anayang'ana ku phiri la Michesi. Kenako anati, "Munamumvera chisoni mayiyo. Limenelo si tchimo. Koma pakhomo paja panali anthu atatu, ndipo mmodzi yekha ndi amene analibe pakamwa. Ife timapitira ameneyo. Zimene mwamva muzindipatsa zonse monga zilili, ndi zotukwana zomwe. Zoti mayi atetezeke bwanji, imeneyo ndi ntchito yanga, njira zilipo. Inu musamandisankhire." Sanandichotse ntchito, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo. Ine ndi amene sindinaiwale.

2000 mpaka 2001, kwa Jenala

Agata, mayi ako iwe Rozina, anadwala chaka chathunthu, matenda amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Bambo ako anali atatsogola kale. Amene ankamusambitsa ndi kumutembenuza pamphasa anali amayi aang'ono. Pa tsiku lometa, mbumba itasonkhana, amalume a Sitefano anakunyamula uli ndi zaka ziwiri, nakuika pamiyendo pa amayi aang'ono, nati, "Uyu ndi wanu." Kwathu mawu onenedwa pa tsiku limenelo safufutika.

Chaka chotsatira a Gondwe anawasamutsira kwa Jenala, ndipo malo a kwa Mkhumba anatsala opanda munthu, moti madera onse awiri ankawayendera okha. Anandifunsa ngati ndingapite nawo. Pogona panali kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa ofesi, kamene mphasa imodzi inkadzaza. Ndikanakana, bwenzi nditatsala wopanda ntchito. Amayi aang'ono anati, "Pita. Ana awiri ndi chiyani? Ndinalera iwe ndi makani akowo." Ndinapita, ndikumabwera kamodzi pa mwezi ndi chilichonse chimene ndapeza. Kenako njala ija inagwa. Inu mukuikumbukira pang'ono. Anthu ankadya gaga, nthochi zosakhwima ndi mizu, ndipo nkhani za ana ku ofesi zinachuluka mpaka kabati kusatsekeka: ana osiyidwa okha masiku atatu makolo ali ku ganyu, ana omenyedwa chifukwa cha chimanga chachiwisi cha m'munda mwa eni. Ine ndinkayenda midzi yonse ndikuyang'ana manja a ana a anthu, ndikudziuza kuti anga ali pabwino, ali ndi amayi.

Febuluwale 2002, Loweruka ndi Lamulungu

Ndabwerera tsopano ku moni uja. Tsiku limenelo sindinafunsenso kanthu. M'mawa mwake, amayi aang'ono atapita kukathyola ndiwo, ndinakutengera ku bafa, Elube, ndikuti ndikusambitse. Dzanja linali lokulungidwa ndi kansanza, mkati muli phulusa. Ndinanyowetsa, n'kumasula pang'onopang'ono, iwe utaluma mlomo osalira, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri osalira. Zala zonse, chikhatho, kuseri komwe, khungu litasendeka, zala ziwiri zitayamba kumatirirana, ndi kafungo. Ndipo pa mkono chilondacho chinathera pamzere wowongoka, mozungulira. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuthamanga, kaya kupita kuti, koma pakamwa panga panatuluka mawu a ntchito okhaokha.

"Tsiku limenelo munadya chiyani?"

"Kalongonda."

"Anakoma?"

"Anachedwa kupsa. Rozina ankalira kuyambira m'mawa. Ndinangotapa atatu okha, amama, oti ndimupatse. Anganga anandipeza."

Inu munakulira kutali ndi kwathu, kalongonda simumudziwa bwino. Ndi nyemba zathu ife Alomwe, zotipulumutsa pa njala, koma zili ndi ululu. Zimaphikidwa tsiku lonse, madzi ake akuda bii kutaya, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu utatha. Ukadya zisanapse umasanza, mutu umazungulira, ena amabwebweta, ndipo mwana wamng'ono wanjala akhoza osadzukanso. Ndiye taganizani mphika ukubwata pabwalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ana awiri osadya kuyambira dzulo atakhala pomwepo akuuyang'ana.

Amayi aang'ono atabwera ndinawatsatira kuseri kwa nyumba. Sanakane. "Inde ndinamiza. Ndinamuuza kamodzi, ndinamuuza kawiri. Kachitatu ndinapeza nyemba ili kale pakamwa pa Rozina, ndinachita kuikolowola ndi chala. Ukanafuna ubwere kudzalira maliro awiri? Dzanja limapola, Felesiya. Manda sapola."

"Amayi, bwanji osangomukwapula?"

"Wanjala samva chikwapu. Iwe uli ku ofesi uko ukumwa tiyi ndi abwana ako, ukudziwa chiyani?"

"Nanga mawa akatapanso?"

"Ndimiza linalo."

Ananena osakweza mawu, ndipo ndinadziwa kuti sakuopseza. Ndinawayang'ana bwino tsiku limenelo: anali ataonda mpaka chitenje kuzungulira kawiri, chifukwa chakudya chawo ankagawira inu. Ndinati basi, ana ndiwatenga onse awiri. Iwo anati, "Wako tenga. Rozina anandipatsa pa tsiku lometa, mbumba yonse ikuona. Ndi chokhacho cha Agata chimene ndatsala nacho. Ukamukhudza, ukaonane ndi amalume ako." Ndinapitadi kwa amalume, ndipo anandiyankha ali chiimire kuti mwana wolangidwa si nkhani, ndipo mawu a pa maliro sabwezedwa ndi mtsikana wosesa mu ofesi. Ndinabwerera ndikuti ndingotenga wanga, ndithawe naye ku chipatala, zinazo ndidzaona. Ndinayamba kumanga zovala zako, Elube, ndipo iwe unaima pakhomo n'kunena, "Ine sindipita. Ndikapita, Rozina azitapa yekha."

Ndinakhala pansi. Ndinayeza ndi maso mgaiwa umene ndinabwera nawo: wa masiku atatu, akaumira anayi. Masiku amenewo mphika wa kalongonda sukhala pamoto. Ndinakutsuka chilonda ndi madzi a mchere, ndinakumanga ndi mpango wanga woyera, ndipo ndinauyamba ulendo wa kwa Jenala ndikutembenuka pa mtengo uliwonse.

Lolemba ndi Lachiwiri

Lolemba ndinasesa ofesi katatu. Ndinkadziwa mmene nkhani imayendera ikalembedwa: chipatala chimalemba zake, mwina apolisi amamva, ndipo ndinali nditaonapo agogo a msinkhu wa amayi aang'ono akukwezedwa galimoto. Mayi amene anandibereka kumsana. Ndinkadziwanso kuti kwathu wobweretsa boma m'nyumba ya amake alibenso mudzi. Lachiwiri m'mawa a Gondwe anati, "Amake Elube, pansipa pabooka. Mwasiya chiyani kumudzi?" Ndinaika tsache pakona, ndinakhala pa mpando wa alendo, umene sindinkaukhalapo, n'kunena kuti ndabwera ndi nkhani. Anatenga pepala.

"Wobweretsa nkhani ndi ndani?"

"Mayi wa mwana."

Anandiyang'ana, cholembera chili m'mwamba. "Mukudziwa kuti ndikalemba sindifufuta?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anandifunsa monga ankafunsira aliyense: msinkhu wa ana, chilonda chili pati, ndinachiona liti, ananena ndani, pakhomo pali chakudya chanji. Atamaliza anati, "Mwa lamulo la ntchito simuyenera kupita nawo, ndinu wachibale. Koma mwanayo afunika amake. Mawa mupita ngati mayi, osati ngati makutu anga. Mukakhale chete. Amayi anuwo Chichewa amayankhula?" Ndinati amayankhula. Anadzuka, nasuntha kabati, natulutsa botolo lija.

Lachitatu

Njinga tinaisiya pa tchalitchi. Tisanafike n'komwe pabwalo ndinamva fungo la kalongonda: mgaiwa unali utatha, mphika unali pamoto, madzi akuda akubwata, iwe Rozina utakhala chapafupi chala chili m'kamwa. Amayi aang'ono ataona a Gondwe, kenako ine, anayala mphasa, natuma mayi woyandikana nawo kukaitana amalume. A Gondwe anakupatsani moni. Rozina unapereka manja onse awiri ukuseka. Elube unapereka lamanzere. "Nanga linzake lija lalakwa chiyani?" anatero, koma tsiku limenelo palibe anaseka. Unandiyang'ana, ndinagwedeza mutu, unalitulutsa. Anamasula mpango, nayang'ana nthawi yochepa chabe, namanganso bwinobwino.

"Mayi, mwanayu chinamuchitikira n'chiyani?"

"Anagwera pamoto, bwana. Ine ndinali kumunda."

"Pepani. Pamoto pake ndi pati? Anagwa chamutu kapena cham'mbali? Nanga mabondowa bwanji sanapse?"

Amayi aang'ono anayang'ana amalume, amalume anayang'ana pansi. Kenako anatembenukira kwa ine, nayamba Chilomwe, chofewa, chimene ankandiyankhula nacho ndikadwala ndili mwana. "Mwana wa mkulu wanga, msana uwu unakulera iwe. Muuze mlendoyu kuti unaona wekha pamoto pamene anagwera. Iwe akukhulupirira. Usandichititse manyazi pamaso pa Agata. Ukapanda kutero, pano usadzapondeponso." Amalume anawonjezera, m'Chilomwe momwemo, "Za m'nyumba sizipita ku boma. Munda wa amako uukumbukire."

A Gondwe sanafunse kuti akuti chiyani. Anayang'ana pepala lawo, nati, "Amake Elube, lero simuli pa ntchito. Zimenezo ndi zanu za pachibale. Ndikhoza kudzabweranso ndi munthu wina womasulira." Ankandipatsa pothawira, Mulungu awadalitse kumene ali. Koma ine ndinkadziwa kuti botolo lija linali lomaliza, ndipo kudzabweranso kumatanthauza chiyani ndinkakudziwa. Kumbuyo kwanga chivindikiro cha mphika chinkalira, ndipo pofika madzulo kunali kutali.

Ndinamva mawu anga ngati a munthu wina. "Akuti ndikuuzeni kuti ndinaona ndekha pamoto pamene anagwera. Akuti ine mundikhulupirira. Akuti ndikapanda kutero ndisadzapondenso pano. Amalume akuti za m'nyumba sizipita ku boma, ndipo ndikumbukire munda." Ndinapuma. "Zimenezo ndi zawo. Zanga ndi izi: anamumiza mu mphika uwo, ndipo anandiuza kuti akadzatapanso amiza linalo."

Amalume anadzuka, natukwana, nakhalanso pansi. Amayi aang'ono sanalire. Anakonza mpango wawo kumutu, nayang'ana a Gondwe m'maso, nanena m'Chichewa, "Lembani, bwana. Ndinamiza ndine. Mulembenso kuti mayi wa Rozinayu ndinamuika m'manda ndi manja anga awa, ndipo sindinafune kuikanso kamwana kake." A Gondwe analemba zonse ziwiri. Anawafunsa kuti iwo anadya liti komaliza, ndipo yankho lake analilembanso. Kenako anafotokoza modekha kuti Elube apita ku chipatala lero lomwe, ndipo ana onse awiri akhala ndi ine kufikira nkhani itaunikidwa, chifukwa pakhomopo panalibe chakudya china koma cha mu mphikamo. Analemba kalata, naiwerenga mokweza kawiri. Amalume anakana kusaina. A Gondwe anati palibe kanthu, alemba kuti akana, ndipo nkhani ikakambidwa ku boma iwo adzaitanidwa. Atamva za ku boma, anasaina mpaka kuboola pepala.

Kuti musakhale ndi funso: anganga anu sanamangidwe. A Gondwe analemba lipoti loona, la chilonda ndi la njala yomwe, ndipo nkhani inathera pa chenjezo ndi pa lamulo loti ana asabwererenso m'manja mwawo. Anaonetsetsanso kuti dzina lawo lalowa pa gulu la okalamba olandira chimanga. Munda wa amayi anga amalume anaupereka kwa ena mvula ya chaka chomwecho isanathe. Ine mwezi uliwonse ndinkatumiza ufa ndi sopo kudzera kwa mayi wa ku tchalitchi. Ankalandira, osabweza mawu. Anakhala zaka zina zisanu, ndipo tinakumanapo kawiri, pa maliro. Maulendo onse awiri anandipatsa moni waulemu m'Chichewa. Chilomwe sanandiyankhulenso nacho mpaka anamwalira.

Lachitatu lija njinga sikanatinyamula tonse. A Gondwe anakukweza iwe Elube kutsogolo, pa thanki, dzanja utalinyamula m'mwamba, ndipo unakana kunyamuka mpaka utaona Rozina ali kumsana kwanga. Ndinalowa m'nyumba kutenga zovala zanu, zinakwana mu mpango umodzi. Potuluka ndinagwada pamaso pa amayi aang'ono kuti nditsanzike, monga mwa mwambo, ndipo ndinayamba m'Chilomwe, "Amayi..." Iwo anali akusonkhezera moto pa mphika wawo. Sanatembenuke.

"Muyende bwino, amayi a ku ofesi," anatero m'Chichewa. "Zikomo potiyendera."

Ndinadzuka. Iwe Rozina unayamba kulira anganga, ukundimenya kumsana ndi timanja tako, ukudzikoka kuti utsike, ndipo kunena zoona nanenso miyendo inkafuna kubwerera, ndikagwe pamapazi awo, ndinene kuti ndinanama. Ndinamasula chitenje, ndinakukweza bwino, ndinamanga mfundo ziwiri pachifuwa, zolimba mpaka kupuma kuvuta. Unalira mpaka pa tchalitchi, unalira mpaka pa mlatho, anthu akutuluka m'nyumba kudzationa. Sindinakutsitse.